M'mene Makina Amamvera Mau Athu

 Lero ndifuna kukamba nanu za cinthu cimene ambiri a inu muli naco m'thumba, koma ndi owerengeka okha amene adziwa za m'kati mwace. Mwana wa sukulu akapeza mau a Cingerezi amene sawamva, awalemba mu foni, ndipo posacedwa foniyo iwabweza m'Cinyanja. Kalaliki alemba funso, ndipo makina amuyankha monga munthu. Ena ati ndi matsenga, ena ati kuli munthu wobisala kutali amene alemba msanga. Zonsezi si zoona ai. Ndi masamu okha, ndipo mtima wa masamuwo ndiwo njira imene eni ace amaicha multi-head attention, ndiko kunena kuti kuchera khutu ndi mitu yambiri. Mukamva m'mene njirayi igwirira nchito, mudzadziwa pamene muyenera kukhulupirira makinawa ndi pamene muyenera kucenjera nao.

MBUZI NDI CIMANGA

Tiyeni tiyambe ndi cinenero cathu comwe. Mverani mau awa: "Mbuzi ya agogo inadya cimanga ca aphunzitsi cifukwa inali ndi njala." Kodi wanjala ndani? Palibe ndi mmodzi yemwe wa inu amene angati ndi agogo kapena aphunzitsi. Nonse mwadziwa kuti ndi mbuzi, pakuti liu lakuti "inali" liyamba ndi "i", ndipo khutu lanu lalumpha mau asanu ndi awiri kubwerera m'mbuyo kukapeza mwini wace wa "i" ameneyo. Tsono ndikati, "Mbuzi ya agogo inadya cimanga ca aphunzitsi cifukwa cinali pabwalo," khutu lanu lisiya mbuzi ligwira cimanga. Mwacita zimenezi osaganiza konse, monga momwe mucitira popuma mpweya.

M'Cingerezi mulibe thandizo lotere. Mbuzi ndi cimanga comwe, zonse zichulidwa ndi kaliu kamodzi kakuti it. Cotero makina amene amasulira Cingerezi kunka m'Cinyanja ayenera kusankha okha pakati pa "inali" ndi "cinali". Kuti asankhe bwino ayenera kuyang'ana m'mbuyo kumene kuli mbuzi, ayang'anenso kutsogolo kumene kuli njala, nadziwe kuti cimanga sicimva njala. Phunziro lace ndi ili: liu palokha liribe tanthauzo lokwanira, limadalira anzace. "Mtengo wa mango wagwa ndi mphepo" ndi nkhani ya nkhwangwa, koma "Mtengo wa mango wagwa pa msika" ndi nkhani ya ndalama.

Makina a kale anali kuwerenga liu limodzi limodzi, namanga zonse m'kamtolo kamodzi ka cikumbumtima, monga mthenga amene wapatsidwa uthenga wautali, ndipo pofika kumene watumidwa waiwala ciyambi cace. M'caka ca 2014 anthu atatu ophunzira, Dzmitry Bahdanau, Kyunghyun Cho ndi Yoshua Bengio, pogwira nchito ku Montreal m'dziko la Canada, anapeza njira yoti makina adzibwerera kukayang'ana mau a m'mbuyo nthawi iri yonse afuna kulemba liu latsopano. Ndipo m'caka ca 2017 akatswiri 8 a ku Google, mmodzi wa iwo Ashish Vaswani, anamanga makina amene anawacha Transformer, amene nchito yao yaikulu ndiyo kuchera khutu kumeneku. Makina ambiri oyankha ndi omasulira a masiku ano ndi zidzukulu za Transformer ameneyo.

MAU ASANDUKA MANAMBALA

Kompyuta sidziwa mbuzi, idziwa manambala okha. Cotero coyamba mau adulidwa m'tizidutswa, ndipo kacidutswa kali konse kapatsidwa mndandanda wace wa manambala. M'makina a 2017 aja mndandanda uli wonse unali ndi manambala 512. Mau oyenda pamodzi akhala ndi mindandanda yofananako: wa mbuzi uyandikana ndi wa nkhosa, koma utalikirana ndi wa njinga. Pamwamba pa izi aonjezapo manambala ena osonyeza malo a liu m'ciganizo, pakuti "Galu analuma mwana" ndi "Mwana analuma galu" ali ndi mau omwewo, koma nkhani yoyamba ndi ya ku cipatala ndipo yaciwiri ndi ya malodza.

Tsopano tafika pa mtima pa nkhani, ndipo ndikupemphani kuti muyerekeze muli pa msika wa ku Lilanda. Wogula afika ndi cosowa cace, tinene kuti afuna kapenta. Wogulitsa ali yense waika poyera kanthu kosonyeza cimene ali naco, ndipo pansi pa thebulo pali thumba la katundu weniweni. Wogula ayenda ndi maso pa mathebulo onse, nayerekeza cosowa cace ndi zosonyezedwazo, ndipo kumene zigwirizana ndiko atapa katundu.

M'makinawa liu liri lonse ndi wogula ndiponso wogulitsa pa nthawi imodzi. Kucokera m'manambala ace 512 aja, makina apanga mindandanda itatu yaifupi, ya manambala 64 uli wonse. Woyamba ndi funso, ndiwo umene Azungu amati query: "Ine ndifuna ciani kwa anzanga?" Waciwiri ndi cikwangwani, umene amati key: "Ine ndine wa mtundu wakutiwakuti." Wacitatu ndi katundu, umene amati value, ndiye cimene liulo lidzapereka kwa mnzace amene walisankha.

Tsono liu lakuti "inali" litenga funso lace niliyerekeza ndi cikwangwani ca liu liri lonse la m'ciganizo. Kuyerekezaku ndi masamu amene mwana wa sukulu angawacite: nambala yoyamba ya funso iculukitsidwa ndi nambala yoyamba ya cikwangwani, yaciwiri ndi yaciwiri inzace, kufikira zonse 64 zitatha, ndipo zotulukazo zionkhetsedwa pamodzi. Funso ndi cikwangwani zikagwirizana, nambala yotulukayo ikhala yaikulu. Zikasemphana, ikhala yaing'ono. Pambuyo pace nambalayo igawidwa ndi 8, popeza 8 kuculukitsa ndi 8 ndi 64, kuopa kuti manambala angakule kopambana, liu limodzi n'kulanda zonse.

KWACHA IMODZI YOKHA

Apa pali lamulo limene muyenera kuligwira bwino. Liu liri lonse liri ngati munthu amene wapatsidwa kwacha imodzi, ndiyo ngwee 100, ndipo ayenera kuigawa yonse pakati pa mathebulo a pa msika, osatsalako ngakhale ngwee imodzi, osakongolanso. Kumene kwatuluka nambala yaikulu kulandira ngwee zambiri, kumene kwatuluka yaing'ono kulandira zocepa. Tiyerekeze kuti "inali" lapereka ngwee 70 kwa mbuzi, ngwee 15 kwa njala, ngwee 5 kwa cimanga, ndipo 10 zotsalazo lamwaza kwa mau enawo. Tsono litapa katundu monga mwa ndalama zace: wambiri wa mbuzi, pang'ono wa njala, kakang'ono ka cimanga, nilisakaniza zonsezi m'mndandanda umodzi. Kuyambira pamenepo "inali" siliri lopanda mwini ai. Lasenza fungo la mbuzi, ndipo makina akafuna kulimasulira adziwa kuti tikamba za ciweto. Mau onse a m'ciganizo acita malonda amenewa pa nthawi imodzimodzi, osadikirana, ndipo ndico cifukwa cace makinawa aphunzira msanga kuposa akale aja oyenda liu limodzi limodzi.

Zimene ndafotokozazi ndi mutu umodzi. Koma makolo athu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo akatswiri aja anapeza comweco. Liu limodzi liri ndi zibale zambiri. Lifuna kudziwa wocita ndani, wocitiridwa ndani, zinacitika liti, liu loyandikana nalo ndi liti, ndiponso ngati pali kukana pena pace. Kwacha imodzi ikagawidwa pa zosowa zonsezi, ciri conse cilandira pang'ono, ndipo cosakanizaco cikhala ngati nsima, ndiwo ndi thobwa zothiridwa mu mphika umodzi: zonse zirimo, koma palibe cimene cidziwika kukoma kwace.

Inu amene munakulira ku mudzi, kwa Kawaza kapena kwa Mpezeni, mudziwa m'mene mlandu uweruzidwira pa bwalo. Wodandaula alankhula kamodzi, koma nduna zimva mosiyana. Ina isamala za cibale, kuti uyu ndi mphwace wa yani. Ina isamala za masiku, kuti cinayamba ndi citi. Ina isamala za malire a munda, ndipo ina ingoyembekeza kumva pamene mboni idzadzitsutsa yokha. Pomariza zonse zibweretsa zimene zamva kwa mfumu, ndipo mfumu iziika pamodzi. Umo ndi m'mene mitu yambiri igwirira nchito. M'makina a 2017 munali mitu 8. Mutu uli wonse uli ndi njira yaceyace yopangira funso, cikwangwani ndi katundu, ndipo uli ndi kwacha yaceyace. Motero mutu wina ungathe kupereka ngwee zace zonse kwa mbuzi, pamene wina wapereka zace kwa "cifukwa", ndi winanso kwa njala. Mutu uli wonse ubweza manambala 64, ndipo akalumikizidwa onse, 8 kuculukitsa ndi 64, tibwerera pa 512 paja. Cimeneci ndico cifukwa ca 64 uja: nchito yagawidwa, koma kulemera kwace konse sikunaculuke kwenikweni. Zolumikizidwazo zipyola m'masamu ena amene ali ngati mfumu ija, ndipo zotuluka zionjezedwa pa manambala amene liu linali nao poyamba.

Nchitoyi siicitika kamodzi kokha. Abale a ku Nkana ndi ku Mufulira adziwa kuti mwala sukhala mkuwa pa khomo limodzi: uphwanyidwa, uperedwa, usungunulidwa, ndipo pomariza uyengedwa. Momwemonso mau apyola m'nsanjika zingapo, ndipo nsanjika iri yonse iri ndi mitu yace. Transformer woyamba anali ndi nsanjika 6 zowerenga ciganizo ca m'cinenero coyamba, ndi zina 6 zolemba ca m'cinenero caciwiri. Mbali yolembayo iri ndi mitu ina yoyang'ana mau amene yalemba kale, osaloledwa kusuzumira kutsogolo, ndi mitu ina yoyang'ana ciganizo cimene iri kumasulira. Makina a pambuyo pace anakula koposa: GPT-3 wa caka ca 2020, amene banja lace linabala ChatGPT mu November 2022, anali ndi nsanjika 96, ndipo iri yonse inali ndi mitu 96.

NDANI AGAWA NCHITO?

Mwina mufunsa kuti, kodi ndani auza mutu uwu kuti usamale za wocita, ndi uwo kuti usamale za nthawi? Yankho lace ndi lodabwitsa: palibe. Poyamba manambala onse a m'mitu aikidwa mwacisawawa, ndipo makina alankhula zopanda pace. Tsono apatsidwa ciganizo, nauzidwa kuti alote liu lotsatira. Akaphonya, manambala ace onse asunthidwa pang'ono kunka ku mbali imene ikadacepetsa kuphonyako. Izi zibwerezedwa kosawerengeka, kufikira mitu itagawana nchito yokha. Transformer woyamba anaphunzira Cijeremani ndi ziganizo pafupifupi 4,500,000 za Cingerezi, ciri conse pamodzi ndi cinzace ca m'Cijeremani, ndipo pa Cifalansa anapatsidwa ziganizo 36,000,000.

M'caka ca 2019 anthu ena ophunzira, a ku Stanford University ndi a ku Facebook, anasuzumira m'kati mwa makina ochedwa BERT, amene ali ndi mitu 144, kuti aone nchito ya mutu uli wonse. Anapeza kuti mutu wina ungoyang'ana liu loyandikana nalo, wina ulumikiza cinthu cocitiridwa ndi liu la kucitako, ndipo wina ufunafuna mwini wa mau olowa m'malo mwa dzina, monga it uja. Caka comweco Elena Voita ndi anzace anacotsa mitu 38 mwa mitu 48 ya mbali yowerenga, m'makina omasulira Cingerezi kunka m'Cirasha, ndipo kumasulira kunangotsika pang'ono cabe. Zioneka kuti ngakhale m'makina, monga pa bwalo, ziripo nduna zocepa zosenza mlandu ndi zina zambiri zongovomera.

Nchito yonseyi iri ndi mtengo wace. Popeza liu liri lonse liyerekezedwa ndi liri lonse, mau 10 afuna kuyerekeza 100, koma mau 1,000 afuna kuyerekeza 1,000,000, ndipo izi ndi za mutu umodzi m'nsanjika imodzi. Cotero masamu a makina akuluakulu sacitika m'foni yanu. Funso lanu lithamanga pa intaneti kunka ku nyumba zazikulu zodzala ndi makompyuta, zimene zidya magetsi ambiri usana ndi usiku. Ndipo magetsiwo ayenda m'nthambo za mkuwa, citsulo comwe cija cimene inu a ku migodi mukumba.

NANGA CINYANJA CATHU?

Tsopano mverani mfundo imene iposa zonse. Mutu uphunzira kuchera khutu pa zokhazo zimene unazimva kawirikawiri. Google inaika Cicewa m'makina ace omasulira mu December 2014, ndipo m'caka ca 2022 kampani ya Meta inatulutsa makina omasulira zinenero 200, m'mene muli Cinyanja, Cibemba ndi Citumbuka. Izi ndi zokondweretsa. Koma zolembedwa m'Cinyanja ndi zocepa ndithu poyerekeza ndi za m'Cijeremani kapena Cifalansa, ndipo zambiri mwa izo ndi mabuku a chalichi, mabuku a sukulu ndi nkhani za ku Malawi.

Cinyanja ca mu Lusaka ciri ndi mayendedwe acenso. Buku liti "zinthu zambiri", koma pa Lilanda mumva "vinthu vambili". Buku liti "ndifuna makala tsopano", koma mwana wa ku George ati "nifuna malasha manje". Buku liti "ana", komboni iti "bana", ndipo pakati pa ciganizo palowa mau a Cibemba, a Cinsenga ndi a Cingerezi. Mutu umene unazolowera kulumikiza "zi" ndi "za" ukakumana ndi "vi" ndi "va", funso lace silipeza cikwangwani cimene licidziwa bwino. Koma kumbukirani lamulo lija: kwacha iyenera kugawidwa yonse. Mutu sungathe kubwerera ku nyumba ndi ndalama yace n'kunena kuti pa msika panalibe cimene ndinali kufuna. Ugula ndithu cina cace, ndipo makina alemba yankho losalala bwino, lomveka ngati la munthu wodziwa, ngakhale liri lolakwa.

Palinso vuto lina. Ife timanga mau ambiri m'liu limodzi. "Sindinamuone" muli kukana, muli ine, muli nthawi yapita, muli iye, mulinso kuona. Makina amene mpeni wao wodulira mau unanoledwa pa Cingerezi adula liu lotere mosasamala mfundo zace. Kusiyana kwa "mumwe" ndi "musamwe" ndi kacidutswa kamodzi kakuti "sa". Mitu ikakapatsa ngwee zocepa, ciganizo cingatembenuke, ndipo ngati ciri ca mankhwala, moyo wa munthu uli pa ngozi.

Alipo a kwathu kuno amene ayamba kukonza zimenezi. Ku University of Zambia, pafupi ndi Kalingalinga, a Claytone Sikasote ndi anzao anatulutsa m'caka ca 2023 nkhokwe ya mau yochedwa Zambezi Voice, ya Cibemba, Cinyanja, Citonga ndi Cilozi. Muli maola oposa 80 a anthu owerenga mabuku mokweza, mau ao ali pamodzi ndi zolembedwa zace, ndi maola ena 160 otengedwa ku nkhani ndi zokambirana za pa wailesi. Kulinso gulu la Masakhane, la ana a mu Africa a maiko ambiri amene aphunzitsa makina zinenero za kwao. Nchito yao ndiyo kupatsa mitu ija mau athu okwanira, kuti iphunzire kumva monga timvera ife.

Tsono malangizo anga kwa inu ndi atatu. Loyamba, gwiritsani nchito makinawa pa zinthu zopepuka, monga kumva mutu wa nkhani kapena kufunafuna liu limene mwaiwala, ndipo lembani ziganizo zazifupi zochula maina a zinthu poyera, kuti mitu isasocere. Laciwiri, ikakhala kalata ya ku cipatala, ya ku khoti, ya pangano la nchito kapena ya ngongole, musasaine ndipo musamwe kanthu musanafunse munthu wodziwa zinenero zonse ziwiri, ngakhale makina atayankha mokoma motani. Lacitatu, lembani m'cinenero canu, inu aphunzitsi, alembi a mipingo, a manyuzipepala ndi ana a sukulu, ndipo limbikitsani anyamata ndi atsikana amene akonda masamu, pakuti kuculukitsa, kuonkhetsa ndi kugawa kumene aphunzira lero ndiko komwe kuyendetsa makina amenewa. Cinenero cimene eni ace sacilemba, makina sadzacimva.